Telala wa Matumba a ku Amereka

A Kalisto anafika ku Ndirande kuchokera ku Nsanje m'chaka cha 2000, ali ndi chikwama chimodzi komanso pakamwa pokwana anthu atatu. Mwayi unawagwera msanga: analembedwa ntchito pa fakitale ina yosoka mathalauza otumiza ku Amereka. Kuyambira pamenepo sitinapumenso. Ine ndinkakhala nawo poloti imodzi, ndiye ndikunena zomwe makutu anga anapirira.

Pa mpopi, pa maliro, ngakhale potuluka m'tchalitchi, nkhani inali ya Amereka basi. Munthu sanakwerepo ndege, koma ankatiuza kuti chaka chino azungu anenepa. Akamadutsa pakhonde la Che Abdula, telala wachikulire amene ankatisokera mayunifolomu a ana, ankaima n'kupukusa mutu.

"Inu Che Abdula, mudzafera zigamba zomwezi? Ife tikuveka azungu, ife!"

Che Abdula ankangonyowetsa ulusi ndi malovu n'kupitiriza ntchito yawo.

Tsiku lina mu 2005, a Kalisto anabwerako teni koloko m'mawa, kontena ya nkhomaliro ili m'manja yosatsegula. Ogula a ku Amereka aja anali atapeza ena osoka motchipa kudziko lina, ndipo sanatsanzike n'komwe. Akanatsanzika ndani? Dzina loti Kalisto sankalidziwa. Geti linatsekedwa, mlonda n'kuuza anthu kuti azimvera pa wailesi.

Akazi awo, a Petronela, sanalire. Anagulitsa firiji yomwe ankapangira mafirizesi n'kugula makina osokera opalasa ndi mapazi. "Amuna anga ndi telala wa ekisipoti," ankatero kwa aliyense. Ndipo pofuna kuti Ndirande yonse ione, anatenga nsalu ya suti ya ukwati ya mlongo wawo Marko n'kuipereka kwa bamboyo. Ukwati unali utatsala milungu iwiri.

Apa m'pamene panagona nkhani. Zaka zisanu zonse ku fakitale kuja, a Kalisto ankasoka chinthu chimodzi chokha: thumba lakumbuyo. Nsalu inkabwera yodula kale, iwo n'kulumikiza thumba, n'kuponyera mnzawo wa zipi. Sizasi anali asanaigwirepo. Munthu wamoyo anali asanamuyezepo. Koma kuti aulule? Ndani, a Kalisto? Anamukulunga tepi Marko ngati akumanga mtolo wa nkhuni, n'kulemba manambala pachikhatho, n'kudula nsalu ija molimba mtima.

Tsiku loyesa ndinalipo. Thalauza linali loti Marko alowemo pamodzi ndi mkwatibwi yemwe, mwendo wina wautali, wina ukuloza ku Chilomoni. Jekete linakanirira m'mapewa. Koma matumba, abale inu! Matumba okongola chonchija sindinawaonepo.

Ndinaseka, ndisaname. Kenako ndinaona nkhope ya a Petronela, phwete n'kundithera. Mayi uja anali atagulitsa chinthu chokhacho chomwe chinkadyetsa ana, ndipo ndinamva chisoni.

"Bambo a Angela," anafunsa motsitsa mawu, "zaka zonsezi mumasoka chiyani kwenikweni?"

"Matumba," anayankha a Kalisto, maso ali pansi. "Eni ake ankafuna zimenezo."

Marko anakwatira atavala suti ya mnzake wa kwaya. Lolemba lake m'mawa, a Kalisto anapita pakhonde la Che Abdula, chipewa chili m'manja, n'kupempha kuti awaphunzitse kudula. Ife tinali titaima chapatali, tikunamizira kugula tomato.

Che Abdula anawapatsa sizasi. A Kalisto anatambasula dzanja kuti atenge nsalu yomwe inali patebulo.

"Ayi, achimwene, imeneyo ili ndi mwini wake," anatero Che Abdula, akusolola nyuzipepala yakale pansi pa mpando. "Yambani ndi iyi."