Ndinatayira Shuga M'ngalande

Zimene ndikuuzeni pano zinachitikadi, ndipo ndikanakonda zikanakhala zongopeka. Ena amene amalima ku sikimu ya mpunga ya Hara analipo tsikulo, anaona ndi maso awo, koma sinditchula aliyense chifukwa wolakwa pa nkhaniyi ndine ndekha.

Chaka china kunafika mtsikana wa ku yunivesite, ankafuna munthu wodziwa mitengo ya m'phiri, ndipo anthu anamulozera kwa ine poti malemu bambo anga ankadziwa zitsamba, nanenso ndinatolako pang'ono. Tinayenda masiku awiri tikuthyola masamba a mtengo wina, dzina lake sindilemba kuopa wina angakachite zimene ndinachita ine. Ndinkamuseka, ndikuti iwe wabwera mtunda wonsewu kudzatenga masamba ngati mbuzi, pomwe aliyense akudziwa kuti mphamvu ya mtengo ili kumuzu? Iye ankangoseka, n'kumati masambawo akawayanika pamthunzi, akawasinja, n'kukamwetsa makoswe odwala shuga. Makoswe odwala shuga! Ife kuno timawatchera misampha kuti asatidyere mpunga, anzathu akuwathamangira ndi mankhwala.

Patapita miyezi anabweranso kudzatenga ena, ndipo anandionetsa pafoni makoswe ake aja, oyera mbee, maso ofiira. Anati amene anamwa madzi a masamba shuga wawo watsika, komanso zikuoneka ngati chiwindi ndi impso zawo sizikuwonongeka msanga. Anawonjezera kuti zimenezi zikadali za makoswe, pa munthu sizinayesedwe. Mawu omalizawa anadutsa m'khutu ili n'kutulukira linalo, chifukwa maganizo anga anali atafika kale kunyumba.

Akazi anga anali atadwala shuga zaka zingapo. Ankamwa mapiritsi a kuchipatala mokhulupirika, koma ankaonda, ludzu silinkatha, ndipo ine zinkandipweteka kuona mayi amene kale ankasenza thumba la mpunga yekha akupumira panjira kawiri ndi ndowa yamadzi. Ndiye ndinadziuza kuti ngati tsamba lachiza kakhoswe kokwana m'dzanja, nanga munthu wamkulu sakufunika muzu? Ndinakakumba, ndinauphika mpaka madzi kuda bii, n'kumawapatsa kapu m'mawa uliwonse pamwamba pa mapiritsi aja. Iwo anakayika, anati bwanji tikafunse kaye adokotala, koma ine ndi kamwa langali ndinawauza kuti a ku yunivesite anayesa kale, kodi adokotala a pano angapose yunivesite? Anamwa chifukwa chondilemekeza. Masiku oyamba ludzu linachepadi, ndipo ndinayamba kuyenda chifuwa patsogolo, mpaka ndinawonjezera kapu yachiwiri.

Inali nthawi yowokera mpunga. Amene munalimako mukudziwa kuti timalawirira osadya kanthu, kudya n'kobwerako, dzuwa likakula. Tsiku limenelo anamwa mapiritsi awo, anamwa makapu anga awiri, n'kulowa m'matope m'mimba mulibe kanthu.

Dzuwa lili pafupi kufika pamutu ndinaona kuti mzere wawo wayamba kukhota, mbande akuzibzala zina chozondotsa, mizu m'mwamba. Ndinawaseka, ndikuti kodi mwaledzera ndi chiyani m'mawa uno? Anangopitiriza kuzondotsa mbande. Nditayandikira ndinapeza thukuta likuchita kuyenderera, koma thupi lili zii, manja akunjenjemera. Anandiyang'ana, abale anga, ndi maso amene sindinawaonepo chikwatiraneni, kenako anayamba kukuwa m'Chinkhonde cha kwawo ku Kaporo, chimene pakhomo pathu sankachiyankhula, kufunsa amayi a m'ndime yoyandikana kuti mwamuna ameneyu ndi ndani, akufuna chiyani kwa iwo. Nditawagwira dzanja anandimenya khofi, munthu amene sanaphepo ndi nkhuku yomwe, n'kugwera m'madzi.

Tinawanyamulira pamtunda, m'mphepete mwa ngalande. Amayi ena ankati ndi mizimu ya vimbuza, ena ankati wina wawalodza chifukwa mpunga wathu unachita bwino chaka chatha, ndipo anayamba kupemphera mokweza, nane ndinagwada nawo ndikulira. Ndikuuzeni zoona, mtima wanga unakondwera pang'ono kumva za mizimu ndi za afiti, chifukwa zinkachotsa mlandu pa muzu wanga.

Apo m'pamene panadutsa bambo wina Msilamu wa ku Mangochi, amene anali ndi golosale pamsewu, akuchokera kooda katundu pa njinga. Anaima, anafunsa ngati mayiwo amadwala shuga, ndipo atamva kuti inde sanafunsenso china. Anang'amba paketi ya shuga pa katundu wake, anati nayenso matendawa ali nawo, shuga watsika kwambiri, tiwapake m'kamwa msanga akadatha kumeza. Ine magazi anandikwera. Zaka zonsezi ndinali nditaletsa shuga pakhomo, ngakhale ana ankamwa tiyi wowawa, ndiye munthu abwere kudzathira poizoni m'kamwa mwa akazi anga ine ndikuona? Ndinamulanda paketi ija n'kuiponya m'ngalande, ndinamukankha, ndinamutukwana mawu amene sindingabwereze. Sanandibwezere. Anangondipempha, akunditchula kuti achimwene, kuti ndimulole atsegule ina, koma ndinaima pakati pa iye ndi akazi anga mpaka mayiwo anasiya kuphupha n'kungoti zii.

Ndi bambo yemweyo amene anatsitsa katundu wake pansi n'kuthamangira kumsewu kukaimitsa galimoto. Kuchipatala namwino anawabaya chala, anayang'ana kamakina, n'kuthamangira botolo, ndipo nditafunsa kuti muli mankhwala anji anati ndi madzi a shuga. Anafunsa kuti akomoka nthawi yanji, ndipo kodi panalibe amene akanawapatsa kanthu kotsekemera pomwepo? Ndinangoyang'ana pansi.

Mtsikana uja nditamuimbira analira pafoni. Anati makoswe ake ankawayeza kulemera asanawapatse dontho lililonse, ankawabaya kumchira kuona shuga pafupipafupi, sankawaphatikizira mapiritsi, ndipo ngakhale choncho ena amene analandira mlingo waukulu anafa, kungoti amenewo sanawajambule.

Akazi anga anatsitsimuka tsiku lachitatu, koma sanabwerere onse. Amayenda, amasesa, ana awo amawadziwa, koma adokotala anati ubongo unakhala nthawi yaitali wopanda chakudya chake. Masiku ena amandidziwa, timacheza bwinobwino. Masiku ena ndikalowa m'nyumba amadzuka pampando, amandipatsa moni wa alendo mwaulemu, kenako amanong'oneza mwana wathu wamkazi kuti akandifunse ngati ndikudikira bambo a panyumba pano. Zikatero zimakhala ngati ndabwerera m'matope muja.

Lero sindikhulupirira kuti panali mfiti kapena mzimu, ndipo mtengo uja sindiunena kuti ndi woipa, mwina tsiku lina ophunzirawo adzapezamo mankhwala enieni. Ndimakhulupirira kuti tsiku limenelo Mulungu anatumiza munthu woyenera ndi chinthu choyenera m'manja, ine n'kumuthamangitsa. Inu amene muli ndi wodwala shuga, musamuphatikizire zitsamba adokotala osadziwa, musamulole kupita kumunda osadya, ndipo akayamba thukuta lozizira n'kusokonekera mpatseni chotsekemera akadatha kumeza, mafunso mufunse pambuyo. Ine ndinachedwa, ndipo pano ndimakhala pakhonde la nyumba yanga yomwe, kudikira kuti akazi anga andikumbukire.