Makabuleta Awiri a Galimoto ya a Mulipa

Nditamaliza maphunziro a umakaniko ndinakhala nthawi yaitali ndikuyenda galaja ndi galaja mu Zomba muno. Kulikonse ankangondiyang'ana, kenaka n'kunena kuti ndidzabwerenso. Kwina anandiuza kuti mtsikana ngati ine ndingathandize pakauntala, kugulitsa masipeya. Ndinakana. Ntchito ndinaipeza ku Chikamveka, pa galaja ya a Makwinja, chifukwa makaniko wawo wamkulu anali atapita ku Joni osatsanzika. Iwo satifiketi sanaifunse n'komwe. Anandipatsa sipanala ya mapulagi n'kundilozera minibasi imene inaima pansi pa mtengo wa mango.

"Chotsani mapulagi, mundiuze matenda ake."

Ndinawachotsa n'kuwandandalika pansanza. Atatu anali ofiirira bwinobwino, imodzi inali yakuda ndiponso yonyowa ndi oyilo. Ndinati maring'i a pisitoni imeneyo atha. A Makwinja anangoti, "Mawa mubwere ndi ovolosi yanu, a Esnati. Pano sitigawa."

Galajayo inali shedi ya malata, dzenje limodzi loonera kunsi kwa galimoto, jeke wokalamba ndi bokosi la masipanala. Miyezi yoyamba ndinkasintha oyilo, mabuleki ndi mabushi a minibasi. Koma maso anga ankakhala kuseri kwa shedi, kumene kunali galimoto yakale yofiira yofunditsidwa tenti, matayala ataphwa.

Mwini wake anali a Mulipa a ku Masongola, amene anagwira ntchito ya udalaivala m'boma mpaka kupuma. Anadwala matenda ofa ziwalo, moti dzanja ndi mwendo wakumanzere sizinkagwira ntchito, ndipo mawu ankatuluka movutikira. Loweruka lina mwana wawo wotsiriza, Tiyamike, anabwera nawo pagalajapo. Pamene iye ankayankhula ndi a Makwinja, ine ndinawapatsa mdalayo mpando n'kuvundukula tenti ija. Anandiuza mbiri ya galimotoyo pang'onopang'ono, ine ndikudikira liwu lililonse.

Anati galimoto za mtundu umenewu zinabwera kuchokera ku Japan likulu la dziko lisanasamuke ku Zomba. Sizinali zazikulu ngati za nduna, sizinalinso tating'ono. Zinali za zitseko zinayi, zokwana banja lonse ndi thumba la chimanga kumbuyo. Ankagula ndi aphunzitsi akuluakulu ndi makalaliki a m'maofesi. Zambiri zinali wamba, za kabuleta imodzi, ndipo zimenezo zinathera pa hayala m'misewu ya ku Jali ndi ku Songani mpaka kusanduka makola a nkhuku. Koma pa thupi lomwelo anapanganso ina yaliwiro. Imeneyo inali ndi makabuleta awiri, masipuling'i olimba, chiwongolero chaching'ono, wotchi yoonetsa mmene injini ikuzungulirira, ndi zilembo za S zitatu kumbuyo. Ya a Mulipa inali imeneyo. Anaigula kwa mphunzitsi wina wa payunivesite ku Chirunga amene ankabwerera kwawo kunja.

"Ana anga onse anachoka kuchipatala ali m'menemu," anatero.

Tsopano Tiyamike ankakwatiwa. Ukwati unali wa kutchalitchi m'tauni, madyerero pamwamba pa phiri la Zomba, ndipo iye ankafuna kukwera phirilo m'galimoto ya bambo ake, bambowo ali kutsogolo. Mchimwene wake wamkulu, a Dalitso, amene ankayendetsa zonse za ukwatiwo, ananena kuti tichotse makabuleta awiriwo tiike imodzi ya pikapu. A Makwinja anagwirizana nazo.

"Makabuleta awiri ndi mitala," anatero. "Ukasamala uyu, uyo wakwiya."

A Mulipa anapukusa mutu. Ine ndinaona kuti tikatero itsala galimoto wamba yovala zilembo za eni ake. Ndinapempha kuti andisiyire ntchitoyo. A Makwinja anavomera.

"Itengeni. Ikakachita manyazi kuphiri, ndi dzina lanu."

Kabuleta ndi chipangizo chimene chimasakaniza petulo ndi mpweya zisanalowe mu injini. Galimoto za masiku ano zilibe, ndipo kusukulu tinangoiona pa chithunzi. Ndinamasula onse awiri n'kuyala tizidutswa take pa lata. Ndinatsuka kalikonse m'petulo ndi mswachi wakale, n'kupopera mpweya m'timabowo ndi pampu ya njinga. Pambali pa kabuleta iliyonse pali kachikho kosungira petulo, ndipo m'kati mwake mumayandama kampira ka mkuwa kamene kamatseka mafuta akadzaza. Kampira kamodzi kanali kobooka. Ndinakawotcherera ndi mtovu. Magasiketi anali atauma, ndiye ndinadula atsopano papepala lake pogogoda ndi kahamala m'mbali mwa chitsulo. Thanki ndinaitsitsa, n'kuthiramo timiyala ndi palafini, n'kuigwedeza mpaka dzimbiri lonse litatuluka. Ndinasintha mapointi, mapulagi, malabala a mabuleki ndi mapaipi onse a petulo.

Chovuta chinali kuwagwirizanitsa awiriwo kuti azikoka mpweya mofanana. Chida choyezera tinalibe. A Makwinja anandionetsa njira yakale. Umatenga paipi ya labala, mbali ina kukhutu, ina pakamwa pa kabuleta, n'kumvetsera kulira kwa mpweya. Kenaka umasamukira pa inzake, n'kumapotokola sikuluu pang'onopang'ono mpaka onse awiri alire mofanana. Ndinatha masiku ndili chowerama pa injini yotentha, khutu likulira. Anzanga awiri a pagalajapo ankanditcha dokotala. Tsiku lina injini inakhazikika, kunjenjemera kuja kunatha. Tinaiyesa ndi a Makwinja mpaka ku damu la Mulunguzi, ndipo inakwera osatsokomola. Tinabwerezanso mawa lake. Kenaka tinakaisiya ku Masongola kuti aikongoletse ndi maliboni.

Sabata ya ukwati petulo anasowa m'tauni. Mizere ya galimoto inkafika kutali pa filing'i siteshoni iliyonse. Lachisanu a Makwinja analandira uthenga wa maliro a mlongo wawo ku Phalombe, n'kunyamuka. A Mulipa anali atanena kale kuti woyendetsa ndikhale ine. Choncho Loweruka ndinavala diresi la nsalu ya ukwatiwo, bokosi langa la zida n'kuliika kubuti pamodzi ndi paipi yaitali ndi fyuluta yapadera.

Kuchoka kutchalitchi zonse zinali bwino. A Mulipa anakhala kumanzere kwanga atavala suti, Tiyamike ndi mwamuna wake kumbuyo, mdipiti wa galimoto ukutsatira ndi mahutala. Amene anakwerapo phiri la Zomba akuudziwa msewu wake: wopapatiza, wokhotakhota, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho. Titadutsa makona oyambirira injini inatsokomola. Ndinatsitsa giya. Inakoka pang'ono, inatsokomolanso, kenaka inazima pakona penipeni.

Ndinakoka handibuleki n'kuponda buleki ndi mphamvu zonse. Amayi ena amene ankatsika ndi mitolo ya nkhuni anatula n'kutiikira miyala kumatayala. Kumbuyo mdipiti wonse unaima. Kutsogolo kunatulukira lole yonyamula matabwa, ndipo inalibe podutsa. Nditatsegula boneti, anthu anali atandizungulira kale.

"Si ndinanena ine?" anatero a Dalitso. "Makabuleta anu aja ndi amenewa."

Ankhoswe a kuchimuna anati mkwatibwi asamukire m'galimoto ina, alendo akudikira kumtunda, iyi tiikankhire pambali. Tiyamike anatsitsa galasi.

"Ine sinditsika. Ndakwera muno ndi bambo, ndikafika ndi bambo."

A Mulipa ankangoyang'ana kutsogolo, dzanja lawo labwino lija litagwira bondo.

Dalaivala wa lole uja anatsika ndi sikuludiraiva m'manja. Anati amazidziwa galimoto zakale, kabuleta ingofunika kuitsegulira mafuta. Ndisanayankhe, anali atalozetsa kale sikuludiraivayo pa sikuluu imene ndinathera masiku ndikuikonza. Ndinamugwira pamkono.

"Achimwene, pepani, musakhudze."

"Mayi, tikufuna tidutse ife."

"Mudutsa. Koma apa musakhudze."

Anthu anang'ung'udza. Wina anati vuto ndi koyilo, wina batire, wina anati galimoto ya zaka zimenezi sukwera nayo phiri. Mumtima ndinkaopa kuti mwina a Dalitso akunena zoona. Koma ndinadziuza kuti sindimasula chilichonse ndisanaone ndi maso anga. Ndinayamba ndi moto. Ndinazula waya wa pulagi imodzi, n'kuuyandikiza pachitsulo cha injini, n'kupempha mkwati kuti apotokole kiyi. Moto unathetheka wabuluu. Ndiye vuto silinali kumeneko.

Ndinatembenukira ku mafuta. Ndinatola botolo la madzi lopanda kanthu, n'kumasula kapaipi ka pansi pa kachikho ka kabuleta yakutsogolo, n'kukhetsera m'botolomo. Nditalikweza padzuwa ndinaona zinthu ziwiri zosasakanikirana. Pamwamba panali petulo pang'ono. Pansi panali madzi.

Madzi amalemera kuposa petulo, choncho amakhala pansi pa thanki. M'tauni, pamsewu wosakwera, anangokhala phee pakona. Titayamba chitunda anasefukira pamene paipi imakokera.

Ndinawakokera a Dalitso kuseri kwa boneti, kumene akuchimuna sakanatimva, n'kuwaonetsa botololo.

"Petuloyu munagula kuti?"

Anati anaima pamzere tsiku lonse la dzulo lake osapeza kanthu, ndiye madzulo anagula wa m'zigubu kwa anyamata a m'mbali mwa msewu. Nkhope yawo inagwa. Munthuyo anali asanagone bwino sabata yonse chifukwa cha ukwati wa mlongo wake.

"Musauze anthu," anatero motsitsa mawu.

"Palibe chouza anthu. Ndipezereni chigubu choyera ndi petulo wabwino."

Anathamanga. Amalume a mkwati anali atabwera kuchokera ku Blantyre ndi galimoto yodzaza petulo wa pa filing'i siteshoni. A Dalitso anagwada pamsewu ndi suti yawo, n'kulowetsa paipi m'thanki ya galimoto imeneyo, n'kuyamwa ndi pakamwa mpaka petulo anatuluka. Analavula, n'kudzaza kachigubu ka malita asanu.

Ine ndinali nditakhetsa kale tizikho tonse tiwiri n'kutipukuta ndi m'mphepete mwa diresi langa, poti nsanza youma inali itatha. Ndinachotsa paipi yochokera kuthanki pa pampu ya petulo n'kuitseka ndi bawuti. Pamalo pake ndinalumikiza paipi yanga yaitali ija ndi fyuluta yatsopano, n'kumanga ndi waya. Ndinaidutsitsa m'mbali mwa boneti mpaka pawindo lakumanzere, kuti pampu izikoka m'chigubu m'malo mwa thanki. Si njira yoti munthu aziyendera, ndipo ndinawauza onse kuti magalasi akhale otsegula ndipo pasapezeke woyatsa fodya. Chinatsala ndi munthu wogwira chigubucho kuti chisagwe ndiponso paipi isatuluke. A Dalitso anati akhala iwo kutsogolo, bambo asamukire kumbuyo.

"Ine," anatero a Mulipa.

"Bambo, dzanja lanu..."

"Lilipo limodzi."

Tinawaikira chigubu pakati pa miyendo. Anagwira pakamwa pake pamodzi ndi paipi, zala zitakanirira.

Ndinapotokola kiyi. Injini inazungulira osalira. Ndinadikira kuti pampu ikoke, n'kuyesanso. Inatsokomola, inalavula utsi kumbuyo, kenaka inagwira. Ndinaisiya ilire mpaka mawu ake atayera. Amayi a nkhuni aja anachotsa miyala, ine n'kumasula handibuleki pang'onopang'ono kilatchi ikugwira. Tinadutsa lole ija mopanikizana, dalaivala wake akutikodola ndi sikuludiraiva yake.

Tinakwera makona otsalawo ndi giya yachiwiri, fungo la petulo lili thoo m'galimoto. Titafika pamene msewu umawongoka pakati pa mitengo ya paini, a Mulipa anayankhula osandiyang'ana.

"Yachitatu. Pondani."

Ndinaponda. Makabuleta onse awiri anatseguka pamodzi, galimoto inalira mawu okhuthala amene sindinawamvepo ngakhale tsiku loiyesa lija, ndipo muvi wa pawotchi unakwera. Mdipiti unatsalira kumbuyo. Mbali ya nkhope ya a Mulipa imene inkagwira ntchito inamwetulira. Kumbuyo Tiyamike ankalira, mwamuna wake akumupukuta mosamala kuti zodzola zisawonongeke.

Tinafika mochedwa. Anthu anathamangira mkwatibwi ndi nthungululu. Ine ndinatsala ndikumasula zala za a Mulipa pachigubu, chifukwa zinali zitauma moti sakanatha kuzitambasula okha. Diresi langa linali lakuda ndi girisi, ndipo mpunga ndinadyera kuseri kwa galimoto. A Dalitso ndi amene anandibweretsera mbaleyo.

Lolemba a Makwinja atabwera ku maliro anamva nkhani yonse kwa anthu ena. Kwa ine anangoti, "Thanki ija muitsitsenso." Koma kuyambira sabata imeneyo, galimoto yovuta ikabwera ankaitana ine.

Pano ndili ndi galaja yangayanga, ndipo zambiri zimene ndimakonza ndi za kompyuta. Chimene ndinatenga pakona paja sichinasinthe. Galimoto ikafa pagulu, aliyense amakhala ndi matenda ake oti akuuze, ndipo woyamba kuimbidwa mlandu ndi chipangizo chimene anthu sachimvetsa. Ukamvera phokosolo umamasula chinthu chabwinobwino, vuto lenileni n'kulisiya m'thanki. Ophunzira anga ndimawauza kuti anthu akakuzungulira, sipanala ibwerere m'thumba. Uone kaye moto, uone mafuta, ndipo ukapeza amene walakwitsa, umuuzire kuseri kwa boneti.