Onga wa malume

Tsabola uja ndinaika ndine, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimaseka ndekha m'basi.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, tikukhala kwa malume ku Thamesmead, mumzinda wa London, m'fulati ya pamwamba. Malume asanabwere kuno ankagwira ntchito pa famu ina ku Zimbabwe, kwa mzungu wosaka nyama zikuluzikulu. Mzunguyo ankayenda ndi volovolo, mfuti yaifupi koma yolemera, ndipo zipolopolo za m'sitolo ankati n'zofooka pa njati. Ndiye malume ndi amene ankamukonzera zake: kutenga chikopa cha mkuwa cha chipolopolo chowombera kale, kuyeza onga pa kasikelo, kuthiramo, n'kutseka ndi mtovu.

Ku London mfuti kunalibe, onga kunalibe. Anangobwera ndi kasikelo kaja ndi zikopa zopanda kanthu m'chitini cha mabisiketi. Koma mlendo aliyense ankaonetsedwa ntchitoyo, afune asafune. M'malo mwa onga ankathira masamba a tiyi, ong'amba m'timatumba, amene ankasunga m'kabotolo. Ankavula magalasi, chifukwa ati mlenje savala magalasi. Ankathira tiyi wambiri dala pa sikelo, n'kunena kuti, “Ukachulutsa, mfuti ikuphulikira wekha,” kenako n'kuuzira wotsalayo mwamphamvu. Ine ndinaonera zimenezi mpaka kuloweza pamene amapumira.

Msuweni wanga, mwana wa malume, anapeza mwamuna. Makolo a mnyamatayo anali a ku Edmonton, mbali ina ya London, Amalawi amene anathawa kwawo kalekale pa zandale, anthu a masuti ndi mabuku. Malume ankaopa chinthu chimodzi: kuti anthuwo aona ngati mwana wawo akukwatira kwa anthu a khasu, n'kumuletsa. Anthuwo anati adzabwera Loweruka kudzationa, ndipo sabata yonse malume ankapukuta zikopa zija.

“Adadi, chonde, za njati zija musakambe,” anatero msuweni wanga.

“Ndikambe za chiyani? Za kukolopa m'chipatala?”

Loweruka m'mawa, onse ali pa kukonza m'nyumba, ndinataya tiyi wa m'kabotolo. Ndinathiramo tsabola wakuda wogaya, n'kusakaniza ndi kambuzi wouma amene amayi anga ankabisa kuseri kwa mpunga. Ndinayetsemula m'kabati momwemo, mutu uli m'kati, kuti asandimve.

Alendo anafika masana, mkwati ndi makolo ake, atatopa ndi mabasi. Kunja kunali kutentha, ndipo tinayatsa fani. Bambo a mnyamatayo anakhala pa mpando wabwino, tayi ili pakhosi, akuyankha chilichonse ndi “ndithu”. Mayi ake ankangoyang'ana makatani. Atapemphera, atadya, amayi anachotsa mbale. Ndinaona dzanja la malume likulowa pansi pa tebulo, pamene panali chitini chija. Msuweni wanga anatseka maso.

“Achimwene, munaionapo njati pafupi?”

“Ku zuu kokha, ndithu.”

“Ya ku zuu ija ndi ng'ombe. Sunthirani kuno muone.”

Bambowo anasuntha mpando mwaulemu, n'kuwerama mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda sikelo. Malume anavula magalasi. Ine ndinali pakhomo la khitchini, ndikuluma kolala ya malaya.

Malume anayamba nkhani ya njati ina yolusa, uku akuthira mulu pa sikelo. Ananena mawu awo aja a kuchulutsa. Anakoka mpweya, n'kuuzira.

Theka linapita kumaso kwa bambowo, lotsala fani inagawira aliyense mofanana. Anayamba ndi malume, kuyetsemula kumene kunagwetsa zikopa zonse pansi. Bambo aja anafuna kunena “ndithu” koma anathera pa “ndi”. Mayi aja, amene chifikireni ankalankhula Chingerezi chokhachokha, anakuwa m'Chichewa choyera kuti, “Mayo ine, maso anga!” Mkwati anathamangira pa windo n'kuponda chikopa, n'kutsetsereka mpaka pa sofa. Ine ndinali pansi, ndikugubuduka, ndipo palibe anafunsa kuti wachita ndani.

Amayi anabweretsa beseni la madzi ndi matawulo. Akuluakulu awiri aja anagwada pa beseni limodzi, tayi itavulidwa, mamina ali chuchuchu. Malume nkhope inali itagwa, osati ndi tsabola yekha. Ndinaona kuti akuganiza kuti zonse zatha, ndipo pamenepo kuseka kunandichepera pang'ono.

Bambowo anapukuta maso, n'kununkhiza tawulo.

“Uyu ndi kambuzi,” anatero. “Mwamupeza kuti kuno?”

Amayi anati amawatumizira achemwali awo.

“Alipo wina?”

Anadyanso kachiwiri, manja a malaya atapinda, akutuluka thukuta. Ali m'kati modya anafunsa malume kuti, “Nanga njati ija inatha bwanji? Mwatisiya pakati.” Malume anamaliza nkhani yonse, maso ali psuu, ndipo anapatsa bambowo chikopa chimodzi kuti akasunge. Tsiku la chinkhoswe analikambirana madzulo omwewo.

Alendo atapita, malume anandikhazika pansi.

“Iwe mphwanga, ukanandiphera ukwati wa mwana wanga.”

“Koma malume, onga wanga wagwira ntchito kuposa wanu.”

Amayi anandimenya ndi tawulo lonyowa. Malume anaganiza nthawi yaitali, kenako anagamula: kuyambira tsiku limenelo, mlendo akabwera, njati ndikhala ine. Ndizikwawa pa kapeti, mipando iwiri ya pulasitiki ngati tchire, mpaka andiwombere ndi chala.

Iwo ankaganiza kuti ndichita manyazi. Mlendo woyamba anali abusa. Ndinafwenthera, ndinapalasa kapeti, ndinagunda tebulo ndi mutu. Malume atawombera, ndinakana kufa, ndinati chipolopolo chachepa onga. Anawombera kachiwiri, ndinathamangitsa abusa mpaka m'khonde.