Madzi a Lunkhwakwa m'ketulo yanga

Mpaka lero ketulo yanga sanandibwezere, anthu a ku ofesi aja!

Inali nthawi ya nkhondo, amuna anga ali kutali ndi asilikali. Ana ndinkawadyetsa ndi ntchito yochapa mikanjo ya a Yusufu, eni sitolo ku Fort Jameson. Ndinkachapira mumtsinje wa Lunkhwakwa. Kenaka ngolo yotola zidebe za m'zimbudzi za m'tauni inayamba kukhuthulira kumtunda kwathu. Madzi anabiriwira. Ndere paliponse, tinsomba tili chagada, fungo lake mayo ine! Mkanjo woyera unatuluka ngati tsamba la mpiru.

A Yusufu anati, "Mayi, Lachisanu ndikalowe mumzikiti ngati bilimankhwe? Zikachitikanso, ntchito yatha."

Lolemba 8 koloko ndili kale pa ofesi yoona zaukhondo. Akalaliki akuti ndibwere ndi madziwo awaone. Kodi mtsinje unasamuka? Alibe miyendo? Lachiwiri ndinabwera nawo m'chipanda. Akuti chipanda chilibe chivundikiro, boma silingalandire. Chotsekeka m'nyumba mwanga chinali chimodzi chokha, ketulo ya paukwati wanga. Lachitatu 9 koloko ndinaikhazika patebulo pawo. Mesenjala anati ndidikire panja, abwana atanganidwa.

Maola atatu pansi pa mtengo wa mango, ntchentche zikundichezetsa! 12 koloko anandiitana. Ndinapeza akalaliki kapu ili m'manja, akunyambita milomo. Akuti dandaulo langa ndi lopanda mutu. Akuti madzi amenewo ndi onona, ali ndi chakudya cha mbewu, kabichi wa kudimba kwawo sanakulepo chonchi. Ndinapsa mtima. Ndinawafunsa ngati ine ndimachapa kabichi.

"Nanga madzi anuwo ali kuti, mayi?"

Kuyang'ana patebulo, palibe. Ketulo yanga ili pambaula pakona, ikufuka nthunzi. Mesenjala anangoona ketulo yodzaza, basi n'kuthiramo masamba a tiyi.

"Ndi amene mwamwawo, bambo. Onona, eti?"

Kapu pansi phwa! Munthu wamkulu, wa tayi, liwiro la kuseri kwa ofesi.

Mawa lake ngolo inayamba kukataya kuthengo. Mkanjo wa Lachisanu ndinakachapira pachitsime cha anthu ena, ntchito sinathe. Koma ndiyankheni: mtsinje kununkha miyezi itatu osaumva, mpaka udutse pakhosi panu? Ketulo yanga akuti ndi umboni wa boma. Umboni wophikira tiyi? Bwezani!

Inu okadandaula za madzi, musataye nthawi ndi chipanda. Nyamulani ketulo.