Mwana Wanga Pakati pa Malata ndi Zipupa

"Kodi amake mwana, ameneyu mukamdalitsitsa kuti, ku Malata kapena ku Zipupa?" Anandifunsa choncho mayi woyandikana naye nyumba, tikuyanika chinangwa pamkeka. Mwana wanga woyamba anali atangoyamba kukhala pansi. Ndinangoseka.

Kwathu kuno, m'mbali mwa msewu wafumbi wopita ku Mongue, tinali ndi tchalitchi chimodzi cha njerwa zootcha, chofolera ndi malata. Ndinabatizidwira momwemo. Kenako akulu ampingo awiri anayambana. Ena amati nkhani inali ng'oma. Mkulu wina, amene anakulira kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ankafuna ng'oma ndi kuvina, pamene mnzake, amene nkhondo yonse anabisala kuphiri konkuno, ankati nyumba ya Mulungu si dansi. Ena amati anayambanira mavoti. Ine ndimaona ngati onse awiri ankangofuna mpando wakutsogolo uja wokhala ndi potsamira.

Atalephera kumvana, anagawana katundu. A ng'oma anakwera padenga n'kukhomola malata onse, ati anawagula ndi abale awo a ku Malawi, n'kukawakhoma pamitengo ya bulugamu kutsidya kwa msewu. Enawo anatsala ndi zipupa, mabenchi ndi chitseko, chimene mpaka lero amachitseka ndi loko ngakhale kumwamba kuli pululu. Ndiye tili ndi matchalitchi awiri oyang'anizana, kwina denga lokha, kwina zipupa zokha.

Amayi anga ndi a ku Zipupa. Apongozi anga ndi a ku Malata. Kwathu mwana akamadalitsidwa, amene amamnyamula kupita naye kutsogolo ndi agogo ake aakazi, ndipo banja limapereka nkhuku kwa mkulu wopemphererayo. Amayi anandiuza mosabisa kuti ndikampititsa kovina, ndisadzawasiyirenso mwana popita kumunda. Apongozi sanakalipe. Anangoti, "Mdzukulu wanga akaume padzuwa ngati chinangwa? Chabwino, mayi. Ife ndife ndani?" Kuyambira pamenepo moni ankaperekera pamsewu, pabwalo osalowa.

Ndinafunsa bambo a mwana. Iwo amanyamula matumba a chimanga panjinga kupita nawo kumalire, ndipo nditangoyamba nkhaniyo anakumbukira kuti chubu chaphwa. "Zimene mwaganiza inuyo, ndi zomwezo," anatero, maso ali m'beseni la madzi kufunafuna pobooka.

Ndinapemphera ndikupalira mtedza, mwana ali kumbuyo. Ndinati, "Ambuye, inu mumamva mbali zonse ziwiri Lamulungu lililonse, ndipo simunasamuke m'mudzi muno. Ndigawireniko mtima umenewo." Nzeru inabwera yapafupi. A ku Zipupa amayamba m'mawa kuthawa dzuwa, a ku Malata amayamba mochedwa poti mthunzi ali nawo. Ndinauza agogo onse awiri kuti mwana akadalitsidwa konseko tsiku limodzi, aliyense amnyamula kwawo, nkhuku ndipereka ziwiri. Amayi anavomera chifukwa dalitso loyamba ndiye lenileni. Apongozi anavomera chifukwa lomaliza limakwirira loyamba. Ine sindinatsutse aliyense.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti inali nyengo ya dzinja.

Tinalowa ku Zipupa kunja kukuwala bwinobwino. Ndinamanga nkhuku yawo kumwendo wa guwa, inayo bambo a mwana anakaisiya kutsidya. Mkulu analalikira za dziko lovunda, nkhondo kumpoto, mphepo zogwetsa nyumba, sopo kukwera mtengo, ndi anthu ena opanda manyazi akuba madenga. Akunena zimenezi ankaloza kutsidya ndi Baibulo. Ife tinkaona mtambo ukudetsa pamwamba pa mutu wake, iye osauona. Amayi atangoimirira ndi mwana, mvula inakhuthuka.

A ku Zipupa ali ndi mwambo wawo mvula ikagwa. Sathawa, kuopa kusekedwa ndi a kutsidya. Amanyamula mabenchi, anthu atatu anayi pabenchi limodzi, n'kuwasenza pamutu, nyimbo n'kumapitirira. Ndinaonapo zimenezi kambirimbiri ndipo nanenso ndinasenzapo. Koma benchi ndi thabwa limodzi, mwana wanga ananyowa mpaka thewera, n'kuyamba kulira kosapuma. Ndinamlanda m'manja mwa amayi, ndinatuluka, ndinadumpha msewu.

Amayi anatsatira mdzukulu wawo. Amayi anzawo anatsatira amayi, mabenchi ali pamutu. Abambo anatsatira mabenchi. Mkulu anabwera pomalizira, Baibulo atalibisa m'jekete, akufuula kuti iye sakulowa, wangobwera kudzatenga nkhosa zake.

Ng'oma zinaleka. Anthu anayang'anana ngati akumana pamaliro a munthu wosamdziwa. Koma ku Malata nakonso sikunali bwino, mphepo inkalowetsa mvula cham'mbali ndipo onse anali ataunjikana pakati. Mosauzidwa, abambo anaimika mabenchi aja mbali yochokera mphepo, ife amayi tinavula makapulana, zitenje zathu zapamwamba zija, n'kuwamanga pakati pa mitengo.

"Asewere, bweretsani mwanayo, pano ndi pathu," anatero apongozi.

"Asewere, nthawi yathu sinathe, yangotidula ndi mvula," anayankha amayi.

"Mvula yake ndi ya Mulungu yemweyo, ndiye wakuthamangitsani uko."

"Watithamangitsa kudzaona malata athu."

Mapeto ake wina anagwira kumutu, wina kumiyendo, n'kupita naye kutsogolo ngati anyamula mtondo. Akulu awiri aja anasanjika manja nthawi imodzi, wina pachipumi, wina pamimba, n'kuyamba kupemphera mopikisana ndi phokoso la malata. Wa ku Malata anayamba m'Chinyanja, mawu atamthera analowa m'Chipwitikizi. Wa ku Zipupa anamuyankha m'Chilomwe. Anapempherera mwana, makolo, mbuzi, boma, msewu wa ku Molumbo, ndi kulapa kwa anthu ena amene aliyense sanafune kuwatchula. Palibe amene anafuna kuyamba kunena ameni.

Ndinapirira. Miyendo inachita dzanzi, mvula inakata, dzuwa linatuluka, iwo akadali pomwepo. Nditasuzumira ndinaona mwana akunjenjemera, milomo itada. Mmodzi atangoima kuti ameze malovu, ndinakuwa ndi mawu anga onse, "Ameni!" Mipingo yonse iwiri, yanjala ndi yonyowa, inavomera pamodzi, "Ameni!" Ng'oma inalira yokha. Akulu aja anatsegula maso n'kupeza mwana ali kale kubere.

Musaganize kuti mpingo unagwirizana. Lamulungu lotsatira aliyense anabwerera kwawo, mabenchi anawoloka msewu, loko anabwerera pachitseko. Amayi amati mwana anadalitsidwa ndi a ku Zipupa, apongozi amati ndi a ku Malata, ndipo onse awiri amabwera kudzamtenga ndikamapita kumunda, nthawi zina kulimbirana. Ine ndimapemphera moyang'ana kumwamba. Kukakhala mvula kapena dzuwa loswa mutu ndimapita ku Malata, ikamaomba mphepo yozizira ya chiperoni ndimakabisala ku Zipupa. Amandinena kuti ndilibe mbali. Ndimangowapatsa moni n'kukhala pansi, poti amene ndimadzamufuna ndimampeza konseko.

Nkhuku ya ku Zipupa tinakaipeza itafa, madzi atadzaza m'katimo ngati padambo, ndipo mkulu anati yakufa yokha salandira. Ndinampatsa thadzi langa loikira. Choncho zimene zinapita tsiku limenelo ndi nkhuku zitatu, kapulana yatsopano imene inang'ambika pamsomali, nsapato imodzi ya mwana imene inatsala m'matope, ndi moni wa akulu ampingo awiri, amene mpaka lero sandipatsanso.