Madigadi a Ndege ya Bambo

Ndikukumbukira chaka chimene kwathu ku Lisungwi tinali ndi ndege. Inde, ndege, ife omwe tinkagona pamphasa yong'ambika. Bambo anga, okonza njinga pamsika, anakwerapo ndege popita kumigodi ku Joni, ndipo kukwera kokhako kunawakwanira kukhala injiniya. Atabwerako anamanga yawo kuseri kwa nkhokwe: thupi la nsungwi ndi malata, mapiko otalika kuposa khonde lathu, magudumu a wilibala. Injini inalibe. Koma bambo sankada nkhawa ndi tizinthu tating'ono ngati injini. Chinkawasowetsa mtendere n'chakuti magudumu anali pamtetete, pamene ndege yaulemu wake imavala madigadi.

Kuti apange madigadiwo, anakumba kadzenje kooneka ngati bwato pansi pa mtengo wa mango, n'kukazira ndi dothi la pachulu. Litauma anapakamo phula la njuchi kuti zinthu zisamatirire. Kenako anaphika guluu wa akalipentala mumphika wa amayi wa ndiwo. Fungo lake linali la chikopa chowola, moti agalu a m'mudzi monse anabwera kudzaonerera sayansi. Ntchito yake inali kuyala chiguduli m'dzenjemo, kupaka guluu, kuyala china pamwamba, kupakanso, mpaka chikhuthale ngati chigoba cha kamba.

Tsoka ilo ziguduli zinaperewera. Bambo anatsegula sutikesi ya amayi n'kupezamo nsalu yakale ya chipani, ija ya nkhope ya mwini dziko, imene amayi ankavinira. Inali itatheratu, koma nsalu imeneyo sinkatayidwa ndipo sinkaotchedwa. Inkangokalamba mwaulemu m'sutikesi. Mwa nzeru zawo za ku Joni, bambo anaiyala pansi penipeni, nkhope kuyang'ana kudothi, ziguduli pamwamba. Ndani akanaiona pansi pamenepo?

Chitauma anachizula m'dzenje n'kuchitembenuza. Za pansi zija zinakhala pamwamba. Nkhope inatiyang'ana, yonyezimira ndi guluu, masaya atafufuma motsatira dzenje. Nkhope ya mwini dziko, pa chinthu chotchingira matope ndi ndowe!

Masiku amenewo anthu ankatengedwa pa zochepa kuposa izi, ndipo ambiri sankabwerako. Kuchipaka penti kunali kudetsa nkhopeyo. Kuchiswa, mlandu. Kuchikwirira ndiye kunali kuika maliro a munthu amene tinkamuimbira kuti ndi wamuyaya. Ine ndinalira, chifukwa mumtima ndinali nditatsanzikana nawo kale bambo.

Anansi athu, anthu achikondi, sanafune kuti nkhani yabwino chonchi ithere pakhomo pathu. M'mawa mwake tinangoona tcheyamani wa chipani m'dera lathu, a Chimbalanga, ali pabwalo ndi anyamata a malaya ofiira.

"Eti a Kalonga," anatero kwa bambo, "tamva kuti mwakonza chinthu kuno."

Amayi ndi amene anatuluka m'nyumba akululutira, chinthu chija atachisenza pamutu. Anagwada n'kuchipereka ndi manja awiri.

"Mwatifulumirira, a tcheyamani! Timati tibweretse tokha pamsonkhano. Bambo a kunowa zimawapweteka kuona chithunzi cha pepala chikunyowa ndi mvula pamtengo wa misonkhano paja. Ichi olo matalala sachiboola. Tagogodani mumve."

A Chimbalanga anagogoda m'mphepete, mosamala kuti chala chisakhudze mphuno.

"Koma ife tamva kuti ndi cha gudumu la ndege."

"Ndege yake iti, bambo?" Amayi anaseka mpaka kuomba m'manja. "Ilo ndi khola la nkhuku. Anthu a kuno nsanje basi."

"Kodi ndi khola, a Kalonga?"

Bambo anayang'ana mapiko aja, amene anawadyera miyezi ndi miyezi. Anayang'ananso ife ana.

"Ndi khola," anayankha.

Tsiku lomwelo amayi analowetsamo nkhuku, kuti bodza likhale ndi mboni. Madigadi aja anapita nawo ndi nyimbo, n'kukawakhomera pamwamba pa mtengo wa misonkhano, ndipo bambo anayamikiridwa pagulu ngati chitsanzo cha kukhulupirika. Pa ndege yonse ija, chinthu chokhacho chimene chinachoka pansi n'chimenecho.

Lero nsalu za zipani zili mbwee, za mitundumitundu, ndipo timapukutira matebulo popanda wotembenuka. Ana anga ndikawauza nkhaniyi amaseka mpaka misozi. Inenso ndimaseka, koma penapake pamandiwawa. Bambo anakhala nafe mpaka kukalamba, ndipo pa chimenecho ndimathokoza. Kungoti ndege ikamadutsa kumwamba, ife tonse tinkathamangira pabwalo kukaiona, iwo ankangopitiriza kupopa teyala la njinga, osadzutsa mutu.