Mulu wa Zigoba wa Honorine Tendeng

Honorine Tendeng anakwatiwira ku Kassoumbel ali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Tsiku limene anafika, apongozi ake aakazi sanayambe ndi kumuonetsa nkhokwe ya mpunga. Anamutengera kuseri kwa nyumba, kumene mulu wa zigoba za nkhono za m'madzi, wautali kuposa munthu, unatchinga pakati pa nyumbayo ndi mtsinje.

"Ukawiritsa nkhono n'kuchotsa nyama yake, zigoba uzithira apa," anatero apongoziwo. "Mulu uwu ndiwo umaletsa madzi kulowa m'nyumba. Usadzapatseko munthu ngakhale zodzaza m'manja."

Honorine anasunga mawuwo zaka makumi anayi. Chilimwe chilichonse, madzi akaphwa, ankapalasa bwato lake kulowa m'timitsinje ta m'nkhalango ya m'matope, n'kumakanganula nkhono pamizu ya mitengo ndi chikwanje. Zala zake zinali zipsera zokhazokha. Ana ake asanu anakulira nkhono zofutsa ndi mpunga, ndipo mulu uja unkangokula.

Tchalitchi cha Petulo Woyera, chimene chili pagombe lomwelo, nachonso n'cha zigoba. Choyamba chinali cha udzu, ndipo chinapsa ndi moto wa munthu wowamba nsomba. Pomanga chachiwiri, banja lililonse linatapa pamulu wake, n'kuwotcha zigobazo kuti zikhale laimu. Belu linabwera pabwato. Potsitsa linagwera m'matope, ndipo mpaka lero mabanja a kwa Manga ndi a kwa Sambou amalozanabe chala za amene analitaya.

Kenaka kunayamba kubwera malole ogula zigoba zokathira m'misewu ya m'tauni. Milu ya m'mudzi inatha umodziumodzi, nyumba zinavala malata. Honorine yekha anakana. Odile, mchemwali wa mwamuna wake, sankamupatsa mpata wopuma.

"Alamu, kodi zigoba zanuzi tidzakuikani nazo limodzi m'manda?"

"Inu zanu munasinthanitsa ndi wailesi," Honorine ankayankha. "Madzi akadzafika pakhomo mudzawatsegulire nyimbo, mwina adzavina n'kubwerera."

Chaka china, mpunga utangokololedwa, wansembe wa parishiyo, Bambo Sagna, analengeza Misa itatha kuti mtsinje wadya gombe kunsi kwa tchalitchi ndipo khoma lang'aluka. Aepiskopi anali atanena kuti ngati gombelo silikonzedwa mvula isanayambe, tchalitchi chitsekedwa, ndipo belu lipita ku parishi ya kutsidya. Miyala kuderali kulibe, dziko lonse ndi matope ndi mchenga. Chofunika chinali zigoba, zambirimbiri. Palibe amene anatembenuka kuyang'ana kumbuyo kumene kunakhala Honorine, koma makosi onse anauma mofanana.

Kunyumba anafunsa mwamuna wake Ambroise, amene anali kutsuka zipanda zake za uchema.

"Mulu si wanga," anatero Ambroise. "Amayi anasiyira iwe. Ine ndimangogonamo m'nyumbamu."

M'mawa mwake Honorine anakapeza Bambo Sagna akuyeza mng'alu uja ndi dzanja.

"Bambo, tumizani anthu ndi madengu."

"Amayi, nanga nyumba yanu? Tikachotsa muluwo, madzi a m'dzinja sadzaisiya."

"Ndikudziwa, Bambo, ndimagona ndikuwamva." Anakonza duku lake. "Chaka changa choyamba kuno ndinasochera m'nkhalango muja, ndili ndi pakati pa mwana woyamba. Kunali fumbi, dzuwa losaoneka, timitsinje tonse tofanana, madzi ochokera kunyanja akukwera. Ndinakuwa mpaka mawu anatha. Ndiye belu la masana linalira. Ndinapalasa molondola kulira kwake mpaka ndinatulukira pagombe pano. Sindinauzepo munthu, apongozi akanandiseka. Likapita kutsidya belu limeneli, atsikana opita ku nkhonowa azidzalondola chiyani?"

Ntchito inatenga milungu itatu. Amuna anakhoma mitengo m'matope, akazi anasenza madengu, zigoba zina zinathiridwa pagombe, zina zinawotchedwa zomatira khoma. Pansi penipeni pa muluwo panatuluka chitoliro cha fodya cha apongozi aja, ndipo Honorine anachimanga pansonga ya chitenje. Atatha, kuseri kwa nyumba yake kunatsala dzenje, ndipo kwa nthawi yoyamba ankaona mtsinje ali chikhalire pakhonde.

Patapita masiku awiri, Odile anatulukira ndi dengu pamutu, n'kukhuthulira zigoba za tsikulo m'dzenje muja.

"Musandiyang'ane choncho, alamu. Kwathu zikungondilasa kumapazi."

"Tizigoba khumi tomweti mpaka thukuta? Ndimayesa mwasenza ng'ombe."

"Pitirizani kulongolola, mawa ndikathira kwa ena."

Mawa lake anabweranso, atatsogolera akazi ena atatu. Sabata isanathe, aliyense wochokera ku nkhono ankadziwa kokataya zigoba. Komabe miyezi inayi siingabweze za zaka makumi anayi. Mvula itayamba, mulu watsopano unali utangofika m'chiuno.

Madzi aakulu anabwera pakati pa Ogasiti, mwezi umene mvula ya kuderali imafika pachimake, pa chikondwerero cha Amayi Maria, Misa ili m'kati. Honorine anakhala pamalo ake a masiku onse, pabenchi yomaliza pafupi ndi chitseko, poti zovala zake sizinkatha fungo la utsi. Pakhomopo ankaiona nyumba yake bwinobwino. Anaona madzi akuzungulira khitchini, imene inali kunsi pang'ono, kumene mulu sunafike. Kwaya ili pakati pa nyimbo, khitchiniyo inapendekeka ngati munthu wogwada, kenaka inagona. Miphika inayamba kuyandama.

Odile anamugwira dzanja mwamphamvu. Madzi anakwera pamulu watsopano, anasefukira pang'ono, anafika pakhonde. Akazi awiriwo sanamve ulaliki ngakhale liwu limodzi. Pofika nthawi ya Mgonero, madzi anali ataima pomwepo, ndipo pansi pa khonde panayamba kuoneka mzere wonyowa umene anali kuusiya potsika.

"Alamu," Odile ananong'ona, "mphika wanga waukulu uja munabweza?"

"Si uwo ukupita kunyanjawo? Thamangani muutsanzike."

Anaseka atabisa nkhope m'zitenje, misozi ili chuchuchu, mpaka wamkulu wa kwaya anawadzudzula ndi maso.

Khoma la tchalitchi silinasunthe. Nyumba ya Honorine inang'aluka kumbali imodzi, ndipo Ambroise anamata ndi laimu wotsala. Khitchini anaimanga kumtunda. Kuyambira chaka chimenecho, dengu loyamba la zigoba pa nyengo iliyonse limakathiridwa kuseri kwa a Tendeng, ndipo akamwana atsopano amangouzidwa kuti ndi mwambo wa kuno.

Honorine anasiya kupalasa, mapewa anakana. Mtsinje sauonanso pakhonde, mulu unatchinganso. Belu la masana likalira amasiya mpunga umene akupeta, amazungulira kuseri, n'kuima pamwamba pa zigoba kudikira mpaka bwato lomaliza litatulukira m'nkhalango.